Mayi, pa miyala paja ndi pamanda

Mayi wina amene akugwira ntchito ya unesi ku Inverness, ku Scotland, wanditumizira imelo. Akuti Loweruka anapita ndi ana ku Clava Cairns, malo amakedzana a milu ya miyala kufupi ndi Inverness, kamwana kawo nkutola kamwala kuika m'thumba, ndiye bambo wina wachikulire anawauza kuti kabwezereni pomwe mwakatenga. Funso lawo nlakuti, milu ya miyala chabe, yopanda ndi dzina lomwe, boma likuitetezeranji?

Mayi, zikomo pondilembera, koma bambo aja sanalakwe ayi. Munaima pamanda. Milu itatu ija inamangidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, iwiri ili ndi kanjira kolowera kukachipinda ka pakati komwe ankaikamo maliro, wapakatiwo ulibe khomo, ndipo uliwonse wazunguliridwa ndi miyala yoimika. Chimene chimandikhudza ine ndi kanjirako. Kanayang'ana kumwera chakumadzulo, moti mu Disembala, masiku amene usana umafupika kwambiri kumeneko, dzuwa likamalowa kuwala kwake kumadutsa mu kanjira kaja mpaka kukafika mkati. Tangoganizani, anthu opanda pepala, opanda kampasi, anakhala nkumayang'ana dzuwa chaka ndi chaka mpaka kudziwa poika mwala uliwonse chifukwa cha abale awo omwalira. Miyala ina ili ndi timaenje tozokota ngati tizikho, mukadzapitanso mudzawerame muone bwinobwino.

Ndiye poti anthuwa sanasiye cholembedwa, nkhani yawo yonse ili m'mene miyalayo inakhalira. Mukasuntha umodzi, wina mawa asunthe wake, akatswiri ofukula zakale sangadziwenso kuti unali pati. Milu yambiri yotere inatha kale chifukwa anthu ankaphwasula nkumangira mipanda ya minda. Nchifukwa chake pali lamulo la 1979 loteteza malo amakedzana, kukumba kapena kuononga popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo Clava akuyang'anira ndi a Historic Environment Scotland, bungwe la boma losamalira malo akale.

Kwathu kuno mukudziwa nokha, kumanda sitidulako nkhuni ngakhale mitengo itauma bwanji, sitilowako chisawawa osauza amfumu, ndipo palibe amafunsa kuti wagona apoyo dzina lake ndani. Mwanayo musamukalipire, mungomufotokozera choncho, kuti pali agogo a eni dziko agona pamenepo. Mukapeza mpata mu Disembala mupite naye madzulo, muvale zamphepo zokwanira chifukwa kumazizira koopsa.