Tifunseni za Mafoni: Kodi Linki Iyenera Kutsegukira Kuti?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sekondale ku Ntcheu. Ndikadina linki pa Facebook, tsamba limatseguka momwemo, koma linki yomwe mnzanga wanditumizira pa uthenga wamba wa pafoni imanditengera ku Chrome. Sabata yatha ndinkalemba fomu yofunsira maphunziro, ndipo tsambalo linandipempha imelo ndi pasiwedi ndidakali mkati mwa Facebook, choncho ndinachita mantha n'kusiya. Kodi njira ziwirizi zikusiyana pati, nanga yodalirika ndi iti?

YANKHO: Aphunzitsi, munachita bwino kusiya, chifukwa ngakhale tsamba likuoneka chimodzimodzi m'malo awiriwo, mwini wake wa zenera lomwe mukulembamo ndi wosiyana.

Pulogalamu ya pafoni ikafuna kukutengerani ku browser, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, siitsegula tsambalo yokha. Pa mafoni a Android imatumiza pempho lotchedwa Intent, lomwe limanyamula adilesi ya tsambalo n'kufunsa foniyo kuti ipeze pulogalamu yoti ilitsegule, ndipo foniyo imapereka ntchitoyo kwa browser yomwe inasankhidwa kukhala yanthawi zonse, kaya ndi Chrome, Firefox, Opera kapena Samsung Internet. Kuyambira pamenepo pulogalamu yomwe munachokera ija siona chilichonse chomwe mukulemba. Adilesi yonse ya tsamba imaonekera pamwamba, mapasiwedi omwe munasunga amapezeka, ndipo masamba omwe munalowa kale amakuzindikirani.

Njira inayo ndi yoti pulogalamu imange zenera lakelake mkati mwake, lomwe akatswiri amalitcha WebView. Zeneralo ndi la mwini pulogalamu, ndipo iyeyo ali ndi mphamvu yobisa adilesi, yowonjezera malamulo ake a kompyuta (code) pa tsamba la anthu ena, ngakhalenso yoona zomwe mukudina ndi kulemba. N'chifukwa chakenso tsamba lomwe limakudziwani bwino ku Chrome limakufunsaninso pasiwedi mukalitsegulira kumeneko, poti zenerali silikumbukira zomwe browser yanu inasunga. Makampani amaikonda njirayi chifukwa munthu akatuluka kupita ku browser nthawi zambiri sabwerera msanga, ndipo nthawi yomwe mumakhala mu pulogalamu yawo ndi yomwe amagulitsa kwa otsatsa malonda.

Nkhaniyi si yongoganizira. Mu Ogasiti 2022, katswiri wina dzina lake Felix Krause anaonetsa kuti pa iPhone mapulogalamu a Instagram, Facebook ndi TikTok ankalowetsa malamulo awoawo m'masamba otsegulidwa mkati mwawo, ndipo kuti malamulo a TikTok anali otha kutsatira chilembo chilichonse chomwe munthu walemba. Makampaniwo anakana kuti amagwiritsa ntchito zimenezi potolera zinsinsi za anthu, ndipo ife sitikunena kuti pasiwedi yanu ikanabedwa tsiku limenelo. Chomwe tikunena n'chakuti mpata ulipo, ndipo inu mulibe njira yoonera ngati ukugwiritsidwa ntchito kapena ayi. Kampani ya Google inauona mpatawu kale, moti kuyambira mu 2017 inayamba kukana kuti anthu alowe mu akaunti zawo kudzera m'mazenera otere, ndipo ena mwa inu munaonapo uthenga woti 403 disallowed_useragent osadziwa kuti ukutanthauza zimenezi.

Pali njira yapakatikati yomwe imasokoneza anthu ambiri. Mu 2015, Google inatulutsa Custom Tabs ndipo Apple inatulutsa SFSafariViewController pamodzi ndi iOS 9, pulogalamu yoyendetsa iPhone. Apa tsamba limaoneka ngati latseguka mkati mwa pulogalamu, koma woliyendetsa ndi browser yeniyeni, ndipo mwini pulogalamu saona zomwe mukulemba. Pa Android mungazindikire njirayi podina timadontho titatu ta pakona yakumwamba, pomwe pamalembedwa kuti tsambalo likuyendetsedwa ndi Chrome kapena browser ina.

Langizo lathu ndi ili: kuwerenga nkhani kapena kuona zithunzi mkati mwa pulogalamu kulibe vuto lalikulu, koma tsamba likangopempha pasiwedi, nambala ya khadi ya kubanki kapena nambala ya chitupa cha unzika, dinani timadontho titatu tija n'kusankha mawu otsegulira tsambalo mu browser. Ngati mawuwo palibe, koperani linkiyo mukaiike nokha mu Chrome, ndipo musanalembe kanthu werengani adilesi yonse mofatsa, chifukwa akuba amasintha chilembo chimodzi chokha m'dzina la banki kapena la sukulu. Browser yanthawi zonse mumaisankha mu Settings, pagawo la Default apps, ndipo eni iPhone anapatsidwa ufulu umenewu mu 2020 pomwe iOS 14 inatuluka.

Tionjezepo kanthu kena komwe kamavutitsa ambiri kuno kwathu. Ngati munagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, linki yopita ku tsamba lina ikhoza kukana kutseguka kapena kuyamba kudya mayunitsi, chifukwa tsambalo silili m'gulu la zomwe banduloyo imalipira. Pamenepo foni sinawonongeke ayi, yangofuna bandulo ya intaneti yonse.

FUNSO: Ndine wophunzira za makompyuta mumzinda wa Blantyre, ndipo ndikukonzera gulu la alimi kwathu pulogalamu ya Android. Ndinaika batani lotsegula tsamba la mitengo ya mbewu mu browser. Pa foni yanga yakale likugwira bwino, koma pa foni yatsopano ya mnzanga silikuchita kanthu. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Achimwene, tikuganiza kuti mwapunthwa pa kusintha komwe kunabwera ndi Android 11 mu 2020. Maphunziro ambiri akale amati muyambe mwafunsa ndi resolveActivity ngati pali pulogalamu yotha kutsegula adilesi, kenaka muitane startActivity. Kuyambira pa Android 11, pulogalamu yokonzedwera mtundu umenewu wa Android kapena wina watsopano siiloledwanso kuona mwachisawawa mapulogalamu onse omwe ali pa foni, choncho funso lija likhoza kubwera ndi yankho loti palibe ngakhale Chrome ilipo, ndipo batani lanu limangokhala chete.

Mankhwala ake alipo awiri. Mukhoza kulemba gawo la queries mu fayilo ya AndroidManifest.xml, losonyeza kuti pulogalamu yanu ikufuna kuona mapulogalamu otsegula adilesi za https ndi ACTION_VIEW. Koma ife timakonda njira yachidule yongoitana startActivity osafunsa, n'kukonzekera kugwira ActivityNotFoundException, chizindikiro cha vuto chomwe Android imapereka ngati browser palibedi, kuti mlimi aone uthenga womveka m'Chichewa m'malo moti pulogalamu izingotseka. Ngati mukugwiritsa ntchito Flutter popanga pulogalamuyo, vuto lomweli limaonekera pa canLaunchUrl ya url_launcher, ndipo LaunchMode.externalApplication ndi yomwe imatumiza munthu ku browser yakunja. Onetsetsaninso kuti adilesi ikuyamba ndi https:// chifukwa popanda mawu amenewa foni siidziwa kuti mwaipatsa tsamba la pa intaneti.

Mwina wina akuuzani kuti mungoika WebView kuti vutoli lithe. Chonde musatero pa tsamba lomwe si lanu, makamaka ngati tsiku lina alimiwo adzafunika kulowa mu akaunti kapena kulipira, pa zifukwa zomwe tawafotokozera aphunzitsi pamwambapa. Ngati simukufuna kuti munthu aone ngati watuluka mu pulogalamu yanu, Custom Tabs ikukwanirani.

Yesaninso pulogalamuyo pa mafoni otsika mtengo monga a itel kapena Tecno, omwe alimi ambiri ali nawo. Foni ya memory yochepa ikatsegula browser, Android ikhoza kutseka pulogalamu yanu kumbuyo kuti ipeze malo, ndipo mlimi akabwerera amapeza kuti makilogalamu ndi mitengo yomwe analemba zafufutika. Konzani zoti pulogalamu izisunga zolembedwazo isanamutumize ku browser.