Kodi ana tiwauze za Matsanga?

Mphunzitsi wina wa sekondale kwathu kuno ku Nsanje wanditumizira imelo. Akuti mwana wa Fomu 3 adamufunsa chifukwa chake agogo ena a m'mudzi mwawo alibe khutu limodzi, iye n'kusowa poyambira. Ndiye akufunsa: kodi ana tiziwauza nkhanza za nkhondo ya ku Mozambique, ija ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo zimene anthu ankazitcha Matsanga, kapena tingozisiya poti zidapita?

Aphunzitsi, auzeni. Koma musayambire pa khutulo.

Ine anthu othawa nkhondoyo ndidawaona ndili mwana. Ena ankawoloka Shire pa bwato usiku, ena ankalowera ku Marka wapansi, mphasa ndi poto kumutu, mapazi atatupa. Ku Mankhokwe zisakasa zidangoti mbwee. Malawi adasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo m'boma lathu lino alendo adafika pochuluka kuposa eni nthaka. Ana anuwo, ambiri ndi adzukulu awo.

Mukayambira pa kudula makutu ndi milomo, mwana angoti anthuwo adali zilombo, nkhani n'kuthera pomwepo. Pamene ambiri mwa ogwira mfutiwo adali anyamata a kumudzi ogwidwa mokakamiza. Yambirani pa chiyambi. Mozambique atalandira ufulu mu 1975 adasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, ndiye boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia lidathandiza kukhazikitsa Renamo. Itafika 1980, boma la tsankho la South Africa lidatenga udindo wopereka zida. Dzina loti Matsanga lidachokera kwa mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Nayo Frelimo musaibisire: idanyoza mafumu ndi kusamutsira anthu m'midzi ya boma, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo, moti ena adalandira Renamo chifukwa cha mkwiyo umenewo. Ifenso tilimo m'nkhaniyi. Mu 1986 pulezidenti wa Mozambique, Samora Machel, adadzudzula Malawi kuti akusunga Renamo, ndipo pambuyo pake asilikali athu adakalondera njanji ya ku Nacala.

Maiko amakumbukira mosiyana. Ku Rwanda, pa 7 April chaka chilichonse dziko lonse limayamba kulira anthu ophedwa mu 1994, amati Kwibuka. Portugal, amene ankalamulira Mozambique nthawi ya atsamunda, adatenga zaka pafupifupi 50 kuti apepese kuti asilikali ake adapha anthu wamba ku Wiriyamu, m'chigawo cha Tete, mu December 1972. Nduna yaikulu ya Portugal panthawiyo, António Costa, adapepesa mu 2022. Mozambique adasankha kukhala chete. Atasainira mtendere ku Rome pa 4 October 1992, onse adakhululukidwa mwa lamulo, popanda bwalo lofunsa kuti wapha ndani. Obwera kunkhondo ankasambitsidwa ndi asing'anga n'kubwerera kumudzi. Sindiwaweruza, anthu adali atatopa ndi maliro. Koma zimandiwawa kuti amene adadulidwa khutu sadafunsidwe ndi wina aliyense kuti zidakhala bwanji.

Tsono agogo ajawo musawaitanire kutsogolo kwa kalasi ngati chionetsero. Pitani nokha kunyumba kwawo madzulo kukazizira, mukhale nawo pamphasa, mulankhule Chisena. Afunseni ngati angalole kuti ana amve nkhani yawo, ndiponso mbali ziti. Akakana, tsazikani bwino mubwerere. Akalola, tengani kope mulembe m'mawu awo omwewo, ndi dzina la mudzi umene adachokera.