Mphepo yasasula madenga, mwati ndi mayi wokalamba uja?

Mnyamata wina wandilembera motere: "Agogo, sabata yatha kumudzi kwathu kunadutsa mphepo yozungulira, mvula yoyamba itangoyamba kudontha. Yasasula madenga a nyumba zisanu ndi la tchalitchi, koma kanyumba kaudzu ka mayi wina wokalamba sikanakhudzidwe. Anzanga akuti ndi iwowo anaitumiza, ndipo ndi amenenso anamanga mvula chaka chatha. Akuti tipite tikawafunse bwino. Ndipite nawo?"

Mdzukulu wanga, usapite. Mawu akuti "kufunsa bwino" ndimawadziwa. Anyamata khumi okwiya akafika pakhomo pa munthu woyendera ndodo, sipakhala kufunsa. Mmodzi amakweza mawu, wina amatola mwala, ndipo pofika madzulo nonse mukukana kuti simunayambe ndinu. Ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Mtsikanayo sanadzuke. Maliro anangokhala asanu, ena n'kukalowa m'manja mwa apolisi. Dziwanso kuti lamulo la dziko lino la zaufiti, la m'chaka cha 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Tsopano khala pansi tikambe za mphepoyo, chifukwa funso la anzakowo lili ndi yankho.

Kamvuluvulu tinakula naye. Mwezi wa Okutobala, nthaka ikatentha mpaka kuwotcha mapazi, mpweya wotentha umakwera mozungulira, n'kutola fumbi, mapesi ndi zitenje zoyanika pachingwe. Ife tili ana tinkauzidwa kuti m'katimo muli mizimu, usalowemo. Tinkathawa ndithu, ndipo maso athu ankapulumuka ku mchenga. Ameneyo ndi wamng'ono, amatha msanga. Koma pali mnzake wamkulu, wobadwira mumtambo wakuda wa mabingu, pamene mpweya wotentha wachinyezi wakumana ndi wozizira. Azungu amati tornado. Ku America zimachitika zoposa 1,000 pachaka, ndipo imodzi inapha anthu oposa 150 mumzinda wa Joplin mu Meyi 2011. Khalidwe lake ndi lomwe wandifotokozerali: imayenda m'kanjira kopapatiza, kugwetsa nyumba iyi n'kusiya yoyandikana nayo ili chiimire. Kodi kumeneko nakonso anatumiza ndi agogo akumudzi kwanu?

Mawa m'mawa ukayendere nyumba zasasukazo. Ukaone ngati mitengo yadenga inamangidwa ndi waya kulowa m'khoma, kapena anangoisanjika pamwamba pa njerwa n'kumata dothi. Ukaone misomali, ukaonenso m'mene malata anatulukira kunja kwa khoma. Malata ali ngati chipepala chachikulu. Mphepo ikalowa kunsi kwake imanyamula denga lonse nthawi imodzi, ndipo tchalitchi, poti n'chachitali, ndicho chimayamba. Ukatero upite kwa mayi wokalambayo, osati ndi gulu, wekha, utanyamula kashuga. Ndikhulupirira ukapeza kanyumba kafupi, kaudzu womanga ndi luzi, mphepo yodutsa m'mipata mwake. Mwinanso pakhomopo pali mitengo ya mango imene iwo anakana kudula pamene ena ankawotchera njerwa yawo. Ufiti wawo ukhoza kukhala umenewo.

Za mvula ndikuvomereza, zinthu zasintha, ndipo ine ndaona ndi maso anga. Kale chizimalupsa chinkagwa mu Okutobala kuzimitsa phulusa la m'tchire, ife n'kumadziwa kuti mizere ithe. Pakati pa Novembala tinkadzala ndi mtima umodzi. Lero munthu amadzala, mbewu n'kupsa, kudzalanso, feteleza atagula ndi ngongole. Masoka si achilendo ayi. Makolo athu anaona Napolo ku Zomba mu 1946, njala ya 1949 sinaiwalike mpaka lero, ndipo mu Marichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Koma pakati pa tsoka ndi tsoka linzake pankadutsa zaka, munthu n'kumanganso, n'kuweta mbuzi zina. Werenga za masiku ano. Madzi osefukira mu 2015. Namondwe Idai mu 2019. Namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kukhala mumdima, Namondwe Gombe n'kutsatira mu Marichi. Mu 2023 kunabwera Namondwe Freddy, amene anakwirira anthu m'matope ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Misozi isanaume, ng'amba ya 2024 inafika, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

Freddy yekhayo akuphunzitse. Anabadwira kunyanja kufupi ndi Australia, anayenda milungu isanu kudutsa nyanja yonse ya India, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique, kubwerera kunyanja, kulowanso. Namondwe amadya kutentha kwa madzi a m'nyanja, ndipo nyanjazo zikutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene mafakitale ndi magalimoto akhala akutulutsa zaka zambirimbiri, makamaka m'mayiko olemera. Mayi wolephera kusenza ndowa yamadzi angakoke bwanji chinthu chotere? Gawo lathu lilipo, ndipo sindikubisira. Makala, nkhuni zowotchera njerwa ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje sizilenga namondwe, koma zimam'tsegulira njira. Phiri lopanda mitengo silisunga dothi. Amene anameta mapiriwo si okalamba okha, nkhwangwa zambiri zili m'manja mwa amsinkhu wako.

Anzakowo mwina anena kuti akutsata mwambo. Mwambo ndimaudziwa kuposa iwo. Mvula ikavuta, nkhani inkapita kwa mfumu, mfumu n'kuitana akuluakulu, mudzi wonse n'kusonkha ufa ndi chimera kukathira nsembe kukachisi. Kuchigawo chapakati ankatumiza ku Msinja kwa Makewana, kuchigwa cha Shire ankapita ku Khulubvi kwa Mbona. Oyambana ankayanjana kaye nsembe isanathiridwe. Ndipo amene ankatsogolera nyimbo zopempha mvula ndi amayi okalamba omwewa, amene lero mukuwalozera chala. Sindikuti kale kunali koyera. Kunali mwavi, ndipo unamwetsedwa kwa anthu osalakwa ambiri. Chimenecho tinachisiya, ndipo palibe wamsinkhu wanga amene amachilakalaka.

Chondiwawa n'chakuti munthu akakalamba, mano n'kutha, maso n'kufiira ndi utsi wa m'khitchini, n'kuyamba kuiwala mayina a adzukulu ake, ndiye mumati wasanduka. Ine ndimayankhula ndekha masiku ena, poti anzanga ocheza nawo ambiri anatsogola. Ukandipeza ndikutero udzati chiyani?

Lero lomwe kawauze amfumu zimene anyamatawo akupangana. Akazengereza, pita kwa apolisi akumudzi kapena kupolisi kwenikweni. Uku si kugulitsa anzako, mawa adzakuthokoza ali kunyumba kwawo osati kundende. Achibale a mayiyo adziwenso, wina azikagona nawo masiku ano. Ukatha apo, mphamvu zimene anzako akufuna kukathera pakhomo pa wokalamba zipite padenga. Mabanja asanu akugona poyera mvula ili pafupi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Tolani malatawo kumene anagwera, muwawongole, mugule waya wokhuthala, mtengo uliwonse wadenga muumange kutsika mizere ingapo ya njerwa. Madzulo uzitsegula wailesi kumva zanyengo, ndipo mtambo ukadzada ngati tsiku lija, ana uwalowetse m'chipinda chapakati, kutali ndi zenera, asabisale pansi pa mtengo.

Ukandilemberenso, undiuze mitengo ingati wapeza pakhomo pa mayi uja.