Bambo akunyumba akukukuta mano usiku, kodi ndi njoka za m'mimba?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Dwangwa ku Nkhotakota. Amuna awo, omwe amadula nzimbe, ayamba kukukuta mano usiku moti mayiwa tulo sakutiona. Apongozi akuti ndi njoka za m'mimba, bamboyo mankhwala amwa kawiri koma palibe chasintha. Mayiwa akufunsa kuti vutoli nchiyani, nanga lingathe?

Mayi, mankhwala a njokawo ayambe asiya. Zoti njoka zimakukutitsa mano tonse tinakula tikuzimva, koma kwa munthu wamkulu gwero limakhala kwina. Kukukuta manoku madokotala amati bruxism, ndipo mwini wake sadziwa kanthu, amadziwa ndi amene wagona naye pamphasa.

Mawa m'mawa muwafunse ngati akudzuka nsagwada zili zolema, kapena mutu ukuwawa m'mbali cha pafupi ndi makutu. Kenako atsegule kukamwa panja powala, muyang'ane. Mano a munthu wokukuta amaphwatalala pamwamba ngati apalidwa ndi tupa, ena amabenthuka m'mphepete, ndipo mkati mwa tsaya mumakhala kamzere koyera pomwe amadziluma. Akamwa madzi ozizira a mumtsuko mano amanyerenyesa. Apa ndiye pondidetsa nkhawa ine, chifukwa chikuto cholimba cha dzino chikaperepeseka sichimeranso.

Choyambitsa chachikulu ndi maganizo. Ngongole, fizi ya ana, ntchito ya nyengo yomwe ikupita kumapeto, zonsezi munthu amagona nazo, nsagwada nkumalimbana nazo usiku. Fodya, mowa, khofi ndi tiyi wa masamba ambiri madzulo zimawonjezera moto. Mankhwala ena a matenda a maganizo, monga fluoxetine, amathanso kuyambitsa, koma asawasiye okha osafunsa adokotala. Mumvetserenso ngati amaliza mkonono kwambiri nkumabanika kutulo, chifukwa ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi.

Poyamba yesani zapakhomo. Madzulo nyikani kansalu m'madzi ofunda, mufinye, aike m'masaya kwa mphindi 10 kapena 15. Tiyi ndi fodya zithere masana. Chimanga chokazinga, chingamu ndi nzimbe azipumitse kaye, ngakhale ndikudziwa kuti kuletsa munthu wa ku Dwangwa nzimbe ndi mlandu. Masana azidzigwira: pakamwa pakakhala phee, milomo itsekeke koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi asakhudzane. Ambiri amalumanitsa mano akamagwira ntchito yolemetsa osazindikira. Ndipo mupeze nthawi yocheza nawo mofatsa, mwina pali chomwe chikuwadya mumtima.

Apitenso kwa a mano ku chipatala cha boma ku Nkhotakota akaone pomwe mano afika. Pali kachipangizo kapulasitiki kovala m'mano pogona, kopangidwa poyeza m'kamwa mwa munthuyo. Sikathetsa kukukuta koma kamateteza mano. Ngati sakapanga kumeneko, afunse za ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kwa ena amene mukuwerenga: ana ambiri amakukuta mano kutulo ndipo amasiya okha akamakula. Koma mwana akatentha thupi, nkumakukuta mano kapena kukomoka, kuno kunyanja ganizani za malungo aakulu. Nsagwada zikauma osatseguka patapita masiku munthu atadzicheka ndi chikwanje kapena kubayidwa ndi msomali, akhoza kukhala kafumbata. Ziwirizi musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.