Za transfer ya mwana uja, mvera mpaka kumapeto

Eee msuweni, ndamva. Pepa kuchedwa, ndinali pa mzere wa teksi ku Bree, ndiye ukudziwa, pamenepo foni sutulutsa. Wafunsa ngati mwana angasinthe sukulu pakati pa chaka kuno ku Joni. Zimatheka, bola malo akhalepo. Zolembetsa mwana pa intaneti zija ndi za Grade 1 ndi Grade 8, wako wa Grade 5 umangopita ku ofesi ndi transfer card ndi lipoti. Basi.

Koma iwe... iwe wosamutsa mwana mu Ogasiti? Iwe amene unakhala zaka zinayi m'chipinda chodontha ku Rosettenville chifukwa cha ulesi wosenza bedi? Usandipusitse. Lamulungu lija nditamulankhula Chichewa mnyamata wako, anayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Ndinaona ine.

Ukuwakumbukira amalume aku Dedza, a Theba aja? Inali 1995... ayi, 1994, chaka chomwe a Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Achimwene ena, sinditchula dzina, ali pa gulupu pompano akumvera, anabwera kunyumba akuti aphunzitsi amawada. Amalume kupsa mtima. Anavala jombo zawo za ku mgodi, ndi chijasi chija, dzuwa lonselo, chija anadzachigulitsa pa nkhani ya mbuzi ija. Njinga, ulendo. Kufika amvekere, ahedi ali kuti, ndani akuzunza mwana wa mlongo wanga! Ahedi anangowapatsa mpando n'kutsegula kaundula. Munthu milungu itatu osaponda m'kalasi. M'mawa amanyamuka bwinobwino, kope m'jumbo, n'kukathera kudambo kokumba mbewa. Hahaha, achimwene musatuluke pa gulupu!

Ndiye amalume, manyazi atawagwira, anafuna kuthyola mkwapulo pomwepo. Aphunzitsi a kalasi, mayi ena achikulire, n'kuti dikirani bambo, taonani kabudula wake. Kumbuyo atabooka malo awiri, anzake akumutcha Mawindo. Kunyumba palibe ankadziwa za dzinalo, kusukulu sankadziwanso kuti munthu amanyamuka tsiku lililonse. Amalume anapita ndi buluku lawo la ku Joni kwa telala, n'kudulitsa makabudula awiri. Ndiye anapangana kuti aphunzitsi azichonga kumapeto kwa kope tsiku lililonse. Kuwerenga sankatha amalume, koma timizere tofiira ankawerenga madzulo alionse ngati ndalama. Akasowa kamodzi, jombo zija.

Ndimati chiyani kodi... eya. Usanamusamutse, pita ukakhale pansi ndi aphunzitsi a kalasi yake. Osati msonkhano wa makolo uja timangokamvako za ndalama, ayi, upemphe nthawi yako wekha. Uwauze zomwe ukuona kunyumba, kuti m'mimba mumamupweteka Lolemba lokhalokha, iwonso akuuze za pa break, amakhala ndi ndani, akumutcha chiyani. Mwina ndi dzina lija amatitcha ife obwerafe, sindilitchula. Wanga wamkazi zinamuchitikira, ndinadziwa mochedwa, mpaka pano zimandiwawa. Masukulu a boma amayenera kukhala ndi kagulu ka aphunzitsi koona ana amene akuvutika, amati SBST, ukafunse. Zikakanika pali SGB, komiti yoyendetsa sukulu, muli makolo anzathu osankhidwa. Ndipo ngati wina akumumenya, kukwapula mwana kusukulu kuno kunaletsedwa mu 1996.

Ndikudziwa chikukubweza ndi mapepala. Sindikuti ulibe, iii, anthu a pa gulupu pano ndi atolankhani. Koma khoti linagamula mu 2019 kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, ndiye usalowe pa geti ukunjenjemera. Mwanayo umuuzenso za Childline, nambala ya foni yothandiza ana, 116, ndi yaulere, ena amamasuka kwa munthu wosamudziwa.

Ndiye kawaone aphunzitsi kaye, msuweni. Ukangomusamutsa osadziwa chavuta, kabudula ndi yemweyo, angosintha omuseka. Ngati Chizungu cha mu ofesi chikukuopsa, Lachinayi ndili off, tipitira limodzi, jombo ndibwereka. Wamva? Aphunzitsi kaye, transfer pambuyo. Ndipo poto wanga wamkulu uja ubwere naye, kuyambira pa Khirisimasi paja.