Kwa inu amene mwafika ku Lusaka mwana wanu wamkazi ali ku usilikali

Amayi anzanga, takulandirani. Ndikudziwa kuti panopa mutu wanu uli pa lendi, pa malo oyala malonda ku Soweto kapena ku Kamwala, ndi pa Chinyanja cha kuno chothamanga chija chosakanikira ndi Chibemba. Zimenezo muzolowera posachedwa. Ine ndikulankhula ndi inu amene mwasiya mwana wamkazi atavala yunifolomu kwathu, kaya ali ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, kapena akadali pa maphunziro ku sukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima. Wanganso ndi msilikali wa Malawi Defence Force, ndipo zaka zonse za ntchito yake ine ndakhala ndili kuno.

Ntchito yanu yaikulu ndi yoti muzipezeka. Mukangofika mugula simu ya Airtel ya kuno, ya MTN kapena ya Zamtel, ndipo ya TNM ija muiponya m'chikwama n'kuiiwala. Koma nambala yomwe mwana wanu analembetsa kuntchito, ya wachibale woyamba kudziwitsidwa pakagwa zinthu, ndi yakale yomweyo. Muuzeni sabata ino kuti akasinthitse, alembe yatsopano yoyamba ndi +260, ndipo aonjezere munthu wachiwiri amene ali kumudzi, amalume ake kapena mkulu wake, woti akhoza kufikiridwa ndi galimoto. WhatsApp muisunge pa nambala imodzi, musamasinthesinthe potsatira mabando otchipa. Mugulenso kabatire kotchajira foni. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi kuno ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo msilikali akapeza mphindi zisanu zoimba foni sadikira kuti magetsi anu ayake.

Pasipoti yanu isathe, ndipo masiku omwe anakudindirani polowa asapitirire. Izi aliyense akuuzani, koma kwa inu n'zolemera kuposa ena, chifukwa tsiku lofunika kuthamanga kwathu silichenjeza. Kuchoka pokwerera mabasi pa Intercity kudzera mu Great East Road, kuoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka Chipata ndi makilomita oposa 550, kenako pachipata cha Mwami, Mchinji, ndiye Lilongwe. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Simungafune kuti pa tsiku lotero muime pachipata mukufotokoza za mapepala otha. Ndalama ya basi yopita ndi kubwera muiike padera, ina ikhale ya makwacha a kwathu, ndipo musaigwire ngakhale mpamba wa malonda utatsika.

Chomwe chimatidya kwambiri ndi kukhala chete kwa mwana. Pa maphunziro oyamba mungathe masabata ambiri osamva mawu ake. Akatumizidwa kunja, chete ameneyo amakula. Asilikali athu akhala akupita kum'mawa kwa dziko la DRC kuyambira 2013, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, pansi pa bungwe la United Nations, ndipo si ulendo wokaona malo. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo chaka chotsatira United Nations inamulemekeza ndi mendulo yake ya kulimba mtima. Mu January 2025, zigawenga za M23 zikuyandikira mzinda wa Goma, tinatayanso ena atatu omwe anali pansi pa SADC. Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Mwana wanu akuzidziwa bwino kuposa ine, ndipo mukamachita ngati kulibe, iye amasowa womuuza zoona.

Masiku ngati amenewo m'magulu a WhatsApp a Amalawi a kuno mumayenda zithunzi, mavidiyo ndi mndandanda wa maina wopanda mwini. Musatsegule, musatumizirenso ena. Dzina lililonse pamndandandapo lili ndi mayi ake, ndipo mwina mayiyo ali m'gulu lomwelo. Uthenga woona umadzera kwa akuluakulu a asilikali kupita kubanja, n'chifukwa chake ndayamba ndi nkhani ya nambala. Mukasowa mtendere, imbirani wachibale wachiwiri uja, kapena pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Lusaka akuuzeni koyenera kufunsa. Ndipo wina akakuimbirani kuti mwana wanu wavulala, tumizani ndalama pa Airtel Money msangamsanga, dulani foni. Ameneyo ndi wakuba amene wamva kuti muli kutali ndipo mtima uli m'mwamba.

Wamva bwanji? Kawirikawiri timamuuza ndife. Kunyada kulipo, inenso ndili nako, koma chithunzi cha mwana ali ndi mfuti, dzina likuoneka pachifuwa, chisakhale pa Facebook kapena pa sitetasi. Tsiku lonyamuka, malo omwe ali, tsiku lobwerera, zonsezo zikhale za inu nokha. Pafoni musamupanikize ndi mafunso oti uli pati, mukupita liti. Akati "Amayi, ndili bwino," landirani pomwepo, mumufunse ngati akudya, mumuuze za mvula ndi za mwana wa mlongo wake amene wayamba kuyenda. Zovala zamawangamawanga za asilikali musazisunge m'nyumba kapena kupatsa achinyamata kuti avale, chifukwa kuno munthu wamba saloledwa kuvala zotero.

Anzanu oti akumvetseni muwafune pakati pa amayi a ku Zambia. Ambiri ali ndi ana ku Arakan Barracks kuno ku Lusaka, ndipo asilikali a dziko lino amapita kukasungitsa mtendere ku Central African Republic. Mukawapeza ku Chigwirizano cha mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ) kapena CCAP, kumphakati ngati ndinu a Katolika, kapena kumsika komwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amayi amenewa akakuonani mukuyang'ana foni pakati pa nyimbo safunsa chifukwa, amangokugwirani dzanja.

Koma mudzakumananso ndi pakamwa pena. Adzakufunsani kuti mwana wamkazi kukhala pakati pa amuna onsewo munalola bwanji, adzakwatiwa ndi ndani, ana adzalera liti. Ena adzanena zoipa kuposa pamenepo, mochita kunong'ona. Ine zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindiseka nawo kuti nkhani ithe. Mwana amene wathamanga ndi katundu kumsana pa dzuwa la ku Salima, napambana pomwe anyamata ena anabwerera panjira, sayenera kuchitidwa manyazi ndi mayi ake omwe. Yankhani mofatsa kuti ali pa ntchito ya boma ndipo mumamunyadira, basi. Zaukwati ndi zake. Inu musamamuimbire foni n'cholinga chomukumbutsa zaka zake. Ndipo akadzakuuzani kuti wina wa udindo akumuvutitsa, mumukhulupirire, musamuuze kuti apirire. Mumulimbikitse kukanena kwa akuluakulu oyenera.

Za ndalama ndinene mosabisa. Anthu akamva kuti wapita kunja amawerengera ndalama zake asanabwere n'komwe. Inu muli ku Lusaka, abale akuganiza kale kuti muli nazo, ndiye akaphatikiza ndi mwana msilikali, mavuto onse a pamudzi amalunjika kwa inu awiri. Imani pakati. Ndalama imeneyo anaigonera pansi, agule malo, amange, asunge. Kwacha ya kwathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye malipiro ake akasinthidwa kukhala a kuno satalika. Lendi ya ku Mtendere kapena ku Matero muziipeza ndi manja anu pamene mungathe.

Ngati wakusiyirani mdzukulu kuti mulere kuno, mwanayo akhale ndi pasipoti yakeyake, kalata ya kubadwa, ndi kalata ya makolo ake yosonyeza kuti avomera kuti aziyenda nanu. Muzimuonetsa chithunzi cha mayi ake ndi kumuuza kuti ali kuntchito, asakule akuganiza kuti anatayidwa.

Akapeza tchuthi, kumbukirani kuti msilikali satuluka m'dziko popanda chilolezo cha akuluakulu ake, ndiye musakhumudwe akati sangafike ku Lusaka. Kwerani basi ndinu, mukakumane ku Mchinji kapena ku Lilongwe. Akakwanitsa kubwera, musamuzungulitse m'makomo kuti anthu amuone. Muphikireni nsima ya ufa woyera ndi chomwe ankakonda ali mwana, mumusiye agone mpaka dzuwa likwere. Akadzidzimuka ndi phokoso la makombola a pa Chaka Chatsopano, musamuseke ndipo aletseni ana kumufunsa ngati anaphapo munthu. Mukaona kuti tulo sakupeza, wayamba kumwa kwambiri kapena kupsa mtima pa zazing'ono, mulankhule naye muli awiri, ndipo mumupemphe kuti akabwerera akaonane ndi dokotala kapena abusa a kubaraki kwawo.