Kodi kuthyola chigwada kumachepetsa chinangwa pansi?

Funso: Ndimalima chinangwa pafupi ndi nyumba ndipo pafupifupi sabata iliyonse ndimathyolamo chigwada cha ndiwo. Apongozi anga akuti ndikuwononga munda chifukwa chinangwa chothyoledwa masamba kawirikawiri sichibereka bwino. Kodi zingatheke bwanji, popeza mizu imapeza chakudya chake m'nthaka? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

Yankho: Apongozi anu akunena zoona, mayi. M'nthaka muzu umangotengamo madzi ndi michere basi, koma ufa umene mumaphikira kondowole unayambira m'masamba. Tsamba limatenga mpweya wa carbon dioxide ndi madzi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa limapanga shuga, amene amatsikira ku mizu n'kusanduka ufa kumeneko.

Mmera uli ndi njira ziwiri zosiyana zoyendetsera madzi ndi chakudya. Yoyamba ili m'kati mwa tsinde ndipo imakweza madzi kuchokera pansi. Yachiwiri, imene akatswiri amaitcha phloem, ili kunsi kwa khungwa, pamene timasenda luzi, ndipo ndi imene imanyamula shuga wa mtundu wa sucrose, yemweyu wa mu nzimbe. Katswiri wa sayansi Marcello Malpighi wa ku Italy anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1600 pamene anasenda khungwa mozunguliza thunthu la mtengo: khungwa la pamwamba pa bala linatupa chifukwa chakudya chinasowa podzera, pomwe la m'munsi linafota.

Chimene chimakankha shugayo chinafotokozedwa ndi katswiri wa zomera Ernst Münch wa ku Germany mu 1930. Tsamba likathira shuga wambiri m'timitsempha ta phloem, madzi amalowa okha kutsatira shugayo, motero timitsemphato timadzaza n'kuyamba kukankha madzi otsekemerawo kupita kumene shuga akutsitsidwa. Amayenda pafupifupi mita imodzi pa ola, ndipo mosiyana ndi madzi a m'nthaka amene amangokwera, amatha kukwera kapena kutsika malinga ndi kumene akufunika.

Apa ndi pamene pagona funso lanu. Shuga sagawidwa mofanana ngati ndiwo za ana. Amapita kwambiri ku chiwalo chimene chikukula mwamphamvu pa nthawiyo, makamaka chikakhala pafupi ndi tsamba limene lamupanga. Pa miyezi yoyambirira chinangwa chimathera shuga wake pa nthambi, masamba ndi timizu ting'onoting'ono. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mizu ina imayamba kunenepa, ndipo kuyambira pamenepo imalimbirana chakudya ndi nsonga. Inu mukathyola nsonga, mumachotsa masamba amene akanadzadyetsa mizu, komanso mmerawo umafulumira kutulutsa mphukira zatsopano, zimene sizingadzidyetse zokha mpaka masamba ake atatambasuka. Shuga amene akanatsika amakwera, ndipo kuthyolako kukapitirira muyeso, muzu umasungunula ufa umene unasunga n'kuutumiza kumwamba.

Zomwezi ndi zimene zimachitika mvula yoyamba ikagwa pa chinangwa chimene chinayoyola masamba m'chilimwe. Mmera umaphukira ndi chakudya cha m'mizu, n'chifukwa chake chinangwa chokumbidwa pa nthawiyo chimakhala chamadzimadzi ndipo ufa wake umachepa. Alimi a fodya amaudziwa bwino mpikisano umenewu, ngakhale iwo amaugwiritsa ntchito mwadala: amadula maluwa ndi kuchotsa mphukira kuti chakudya chitsalire m'masamba amene adzagulitse.

Sitikunena kuti musiye chigwada, pakuti ndi ndiwo zabwino zomanga thupi, zimene muzu wa chinangwa ulibe zokwanira. Chofunika ndi kuona nthawi ndi muyeso. Musathyole mmera usanakhazikike ndi kuchita nthambi, musavule mtengo umodzi nsonga zonse, ndipo pamene mwathyola pasiyeni mpaka masamba atsopano atakhwima musanabwerepo. Kuthyola sabata iliyonse pa mitengo yomweyo n'kopitirira. Njira imene tikuiona yanzeru ndi kupatula mizere ingapo kukhala ya ndiwo, podziwa kuti imeneyo idzabereka pang'ono, ndipo munda wotsalawo muusiyire mizu. Onaninso kunsi kwa masamba ngati kuli ntchentche zoyera, chifukwa tizilomboti timayamwa m'timitsempha ta shuga tomweti ndipo timafalitsa matenda opiringiza masamba, amene amachepetsa zokolola ngakhale m'munda wosathyoledwa chigwada.